Kalata yotseguka kwa oyang'anira zomangamanga: limbitsani nyumba zakale chivomezi chisanafike

Olemekezeka nduna, aphungu, akuluakulu a makhonsolo, ndi nonse amene muli ndi udindo pa malamulo a zomangamanga m'madera amene mumachitika zivomezi,

Ndikukulemberani pa nkhani ya nyumba zimene zinamangidwa kale, zimene anthu akukhalamo lero, ndipo pempho langa ndi lakuti muike ndalama, amisiri ndi malamulo pa ntchito yozilimbitsa kuyambira ku maziko mpaka kudenga. Maiko ambiri ali ndi malamulo abwino onena za mmene nyumba yatsopano iyenera kumangidwira kuti ipirire chivomezi, ndipo amene anawalemba anagwira ntchito yotamandika. Koma lamulo lotere limakhudza nyumba zimene zikumangidwa ilo litakhazikitsidwa, pamene nyumba zambiri za m'mudzi kapena mumzinda uliwonse zinamangidwa lamulolo lisanabwere, zina ndi amisiri amene sanauzidwepo kuti khoma likhoza kukankhidwa cham'mbali. Nyumba ikamangidwa imakhalapo zaka 50 kapena kuposerapo, kotero kuti boma limene likuyembekezera kuti nyumba zakale zidzatha zokha n'kulowedwa m'malo ndi zatsopano lavomereza kuti mibadwo iwiri igone pansi pa madenga amene akhoza kuigwera.

Zimene zinachitika mumzinda wa Kobe ku Japan zikuonetsa bwino mpata umenewu. Dziko la Japan linakhwimitsa malamulo ake a zomangamanga mu 1981, ndipo pamene chivomezi champhamvu ya 6.9 pa sikelo yoyezera zivomezi chinagwedeza mzindawu m'bandakucha wa pa 17 Januwale 1995, nyumba zambiri zomangidwa motsatira malamulo atsopanowo zinapirira. Ngakhale zinali choncho, anthu oposa 6,400 anamwalira, ndipo ambiri mwa iwo anapsinjidwa m'nyumba zawo, makamaka nyumba zakale zamatabwa zimene zinasenza madenga olemera a matailosi pa zipupa zochepa ndi zofooka. Lamulo linali litakhalapo zaka 14, koma nyumba zimenezo silinazikhudze. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lina lolimbikitsa kulimbitsa nyumba zakale, ndipo makhonsolo ambiri anayamba kuthandiza eni nyumba pa mtengo woziyezetsa ndi wozikonzetsa. Komabe pa 1 Januwale 2024 chivomezi cha ku Noto chinagwetsanso nyumba zakale zamatabwa zambirimbiri m'dera limene okhalamo ambiri ndi okalamba, ndipo n'zosavuta kumvetsa chifukwa chake munthu wokalamba, amene ana ake anasamukira kutali, amazengereza kulowetsa ndalama zake zotsiriza m'nyumba imene sakudziwa kuti adzakhalamo ndani iye akadzapita. Ngati dziko lolemera ndi lodziwa zivomezi chotere silinamalize ntchitoyi patapita zaka pafupifupi 30, maiko amene sanaiyambe n'komwe alibe chifukwa choizengerezera.

Mundilole ndifotokoze mwachidule chimene chimagwetsa nyumba, chifukwa ndalama zambiri zimaonongeka pamene otsogolera ntchito sakumvetsa mfundo imeneyi. Nyumba wamba imamangidwa kuti isenze katundu wopondereza kuchokera pamwamba. Denga limakhala pa khoma, khoma pa maziko, maziko pa nthaka, ndipo kawirikawiri chimene chimagwirizira zonsezi pamodzi ndi kulemera kwake kokha. Chivomezi chikabwera, nthaka imasuntha uku ndi uku mofulumira, maziko amapita nayo limodzi, koma denga ndi pamwamba pa makoma zimatsalira chifukwa cha kulemera kwake, ndipo mphamvu yonse yokokanayo imakathera pamalo polumikizira: pamene khoma lakumana ndi maziko, pamene makoma awiri akumana pangodya, ndi pamene denga lakhala pa khoma. Denga likakhala lolemera kwambiri, mphamvuyo imakulanso chimodzimodzi. Njerwa, miyala ndi dothi zimapirira kwambiri zikamapanikizidwa, koma zimang'ambika msanga zikakokedwa kapena kupindidwa. Motero ntchito yolimbitsa nyumba yakale kwenikweni ndi ntchito yomangirira, kuti denga, makoma ndi maziko zizigwedezeka limodzi m'malo moti chilichonse chilowere kwake.

M'madera amene nyumba zambiri ndi zamatabwa, vuto lofala kwambiri lili pansi penipeni. Ku California, m'dziko la America, nyumba zambiri zakale zinangokhazikidwa pa maziko a konkire popanda mabawuti okwanira, ndipo zina zili ndi kakhoma kafupi ka matabwa pakati pa maziko ndi pansi pa nyumba, kamene kalibe chochirikiza cham'mbali. Munthu akakwawira pansi pa nyumba yotere ndi tochi n'kutsatira thabwa limene lagona pa konkire, amatha kuyenda kuchokera ngodya ina kukafika ngodya ina osaona mutu wa bawuti ngakhale umodzi. Pa chivomezi cha Loma Prieta mu 1989 ndi cha Northridge mu 1994, nyumba zotere zinatsetsereka n'kuchoka pa maziko ake, zina kakhoma kaja kanagona cham'mbali nyumba yonse n'kugwera pansi, mapaipi a madzi ndi a gasi n'kuduka. Kukonza kwake sikufuna luso lachilendo. Amisiri amaboola konkire n'kumangirira thabwa lapansilo ndi mabawuti kapena zitsulo zogwira cham'mbali, amakhomera matabwa a plywood pa kakhoma kaja ndi misomali yoyandikana, kenako amalumikiza kakhomako ndi mitanda ya pansi pa nyumba. Ntchitoyi imatha m'masiku ochepa anthu akugona m'nyumba momwemo. Pofuna kuti eni nyumba ambiri aichite, ku California kuli ndondomeko yotchedwa Earthquake Brace + Bolt imene imapereka thandizo lofika madola 3,000 pa nyumba imodzi yomangidwa chaka cha 1980 chisanafike.

Nyumba zimene zapha anthu ochuluka kwambiri pa dziko lapansi, komabe, ndi za njerwa, za zidina ndi za miyala yomangidwa ndi matope, ndipo pa zimenezi m'pamene ndikufuna kuti maso anu akhale nthawi yaitali. Ku Bam, m'dziko la Iran, chivomezi champhamvu ya 6.6 chinapha anthu oposa 26,000 pa 26 Disembala 2003 mumzinda umene nyumba zambiri zinali za zidina ndi njerwa zosamangirira. Ku Nepal, pa 25 Epulo 2015, anthu pafupifupi 9,000 anamwalira ndipo nyumba pafupifupi theka la miliyoni kapena kuposerapo zinagweratu, zambiri za miyala ndi matope. Ku mapiri a Atlas m'dziko la Morocco, usiku wa pa 8 Seputembala 2023, midzi yathunthu ya nyumba za dothi ndi miyala inagumuka ndipo anthu pafupifupi 3,000 anafa. M'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, zivomezi za mphamvu yocheperapo, monga cha ku Salima mu 1989, za ku Karonga mu Disembala 2009 ndi cha ku Bukoba, m'dziko la Tanzania, mu 2016, zinaononga nyumba zikwizikwi za njerwa. Kagwedwe kake kamafanana kulikonse. Mng'alu umayambira pangodya n'kutsika, makoma awiri amalekana, khoma lalitali limene latsala lokha limapendekera kunja n'kugwa, ndipo denga, posowa pokhala, limagwera mkati. Khoma la miyala limene linamangidwa mizere iwiri, wakunja ndi wamkati, popanda miyala yaitali yopingasa yogwira mizere yonse iwiri, limatsegukira pakati n'kukhuthuka. Khoma losongoka limene limakwera mpaka pansonga ya denga limagwa msanga kuposa ena onse chifukwa palibe choligwira pamwamba, ndipo chumuni cha njerwa chimathyokera pamene chatulukira padenga.

Chinthu choyamba chimene nyumba yotere imasowa ndi lamba wozungulira pamwamba pa makoma onse, wa konkire yokhala ndi zitsulo mkati kapena wa matabwa olimba olumikizidwa bwino pangodya, ndipo lambayo ayenera kukhala wosaduka paliponse, kuphatikizapo pa makoma a mkati. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mkombero wa lichero, umene ukachoka nsungwi zonse zimamasuka ngakhale kuti iliyonse payokha ikadali yolimba. Pa nyumba imene inamangidwa kale, lambayu amaikidwa pochotsa denga kwa kanthawi, kapena pomanga mikwamba ya mawaya olukana kunja ndi mkati mwa khoma, mawayawo n'kusokererana ndi tizitsulo todutsa m'mabowo oboola khomalo, kenako n'kupaka pulasitala wa simenti ndi mchenga pamwamba pake. Mikwamba yotereyi imaikidwanso motsika pangodya ndi m'mbali mwa zitseko ndi mawindo, pamene ming'alu imakonda kuyambira. Mapaso ndi mitanda ya denga zimamangiriridwa ku lambayo ndi mawaya kapena zitsulo. Khoma losongoka lija limagwetsedwa n'kuikapo matabwa kapena malata, khoma lalitali kwambiri limachirikizidwa ndi kakhoma kopingasa, ndipo windo limene lili pafupi kwambiri ndi ngodya limachepetsedwa kapena kutsekedwa.

Njira zimenezi zinayesedwa ndi zivomezi zenizeni. Ku Peru, akatswiri a pa yunivesite ya Pontificia Universidad Católica del Perú akhala akufufuza za kulimbitsa nyumba za zidina kwa zaka zambiri, ndipo nyumba zakale zimene zinakulungidwa ndi mikwamba ya mawaya ndi pulasitala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinapirira chivomezi cha kumwera kwa dzikolo mu 2001 ndi cha ku Pisco mu 2007, pamene zoyandikana nazo zambiri zinagwa kapena kuonongeka kwambiri. Ku chigwa cha Kathmandu, m'dziko la Nepal, masukulu amene analimbitsidwa chaka cha 2015 chisanafike anatsala chilili, ndipo ena anasanduka malo othawirako anthu. Ku Italy, chivomezi cha pa 24 Ogasiti 2016 chinapha anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo m'tauni ya Amatrice, koma m'tauni ya Norcia, imene inali pafupi ndi pamene chinayambira ndipo nyumba zake zambiri zinalimbitsidwa pambuyo pa zivomezi za 1979 ndi 1997, simunafe munthu. Pa 30 Okutobala chaka chomwecho chivomezi china champhamvu koposa chinagwetsa tchalitchi chachikulu cha San Benedetto ku Norcia komweko ndi kuononga nyumba zambiri. Zimenezi ziyenera kunenedwa poyera kwa eni nyumba: nyumba yolimbitsidwa ikhoza kung'ambika, ikhozanso kufunika kumangidwanso, koma cholinga cha ntchitoyi ndi chakuti isagwere anthu ali mkati.

Pali kukonza kwina kumene kumaoneka ngati kulimbitsa koma kumaonjezera ngozi, ndipo kumachitika tsiku ndi tsiku pamaso pa makhonsolo. Ku Italy komweko akatswiri anaona kuti m'nyumba zina zakale za miyala, pamene denga lopepuka la matabwa linachotsedwa n'kuikapo denga lolemera la konkire popanda kulimbitsa makoma, makomawo anaphwanyika pansi pa katunduyo nthaka itagwedezeka. Kumanga chipinda china pamwamba pa nyumba imene maziko ake anakumbidwira nyumba yapansi yokha ndi vuto lomwelo. Choopsa china ndi kuchotsa makoma a nyumba yapansi pofuna kutsegula malo a sitolo kapena oimikapo magalimoto, chifukwa zipinda zonse zapamwamba zimatsala zitakhala pa mizati yochepa imene ilibe chochirikiza. Ku Northridge, nyumba yogona mabanja ambiri yotchedwa Northridge Meadows inagwa mwa njira imeneyi ndipo anthu 16 amene anali pansi anafa. Mzinda wa San Francisco unalamula mu 2013 kuti nyumba zamtunduwu zilimbitsidwe, ndipo Los Angeles anatsatira mu 2015, zaka zoposa 20 chichitikireni ngoziyo. Ndikupemphaninso kuti musafulumire kunyoza kamangidwe kakale n'kuganiza kuti simenti ndiye yankho la zonse. Ku Kashmir mu 2005 ndi ku Turkey mu 1999, nyumba zambiri zachikale za mitengo yolukana yodzazidwa njerwa kapena miyala m'mipata yake zinapirira, pamene nyumba za konkire zomangidwa mosasamala zinagwa.

Ndifike tsopano pa maziko, amene ndi gawo lovuta kuliona ndiponso lodula kulikonza. Mdani wamkulu wa maziko a nyumba yakale, chivomezi chisanabwere n'komwe, ndi madzi. Aliyense akhoza kuzungulira nyumba yakale nyengo ya mvula itangotha n'kuona kangalande kamene madzi ogwa kuchokera padenga akumba m'tsinde mwa khoma, njerwa zapansi zitayera ndi mchere, pulasitala atafufuma, ndipo akakanda matope a pakati pa njerwazo ndi kiyi amangoyoyoka ngati fumbi. Khoma lotere lachepa kale mphamvu pamalo pamene chivomezi chidzalikoka kwambiri. Pa nyumba yamatabwa, chinyezi chomwecho chimaoletsa thabwa lapansi ndi kuitana chiswe, ndipo bawuti yomangidwa pa thabwa lofumbwa ilibe chimene yagwira. N'chifukwa chake ntchito yoyamba, yotsika mtengo koposa zonse, ndi kuchotsa madzi pafupi ndi nyumba: kutalikitsa denga kuti lipitirire khoma, kumanga kakhonde kotsetsereka kozungulira nyumba, kukumba ngalande, kukonza mapaipi odontha, ndi kusuntha dzenje la madzi otayidwa limene lili pafupi ndi khoma. Pamene maziko ndi osaya, kapena ndi miyala yongosanjikiza, amisiri amatha kuwakulitsa pomanga lamba wa konkire m'mbali mwake n'kumulumikiza ndi maziko akalewo, kapena kukumba pansi pake n'kuthira konkire yatsopano. Kukumba kotere kumachitika pang'onopang'ono, kagawo kakafupi kamodzi pa nthawi imodzi, modumphadumpha, ndipo kagawo koyandikana nako sikakumbidwa mpaka koyambako katauma. Mmisiri wofulumira amene wakumba mbali yonse ya nyumba tsiku limodzi akhoza kugwetsa khoma popanda chivomezi chilichonse, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ntchito ya maziko siyenera kusiyidwa popanda woiyang'anira.

Pansi pa maziko pali nthaka, ndipo pamenepa mwini nyumba payekha alibe mphamvu, udindo wonse ndi wanu. Nthaka yamchenga yodzadza madzi, monga ya m'mphepete mwa mitsinje, nyanja ndi malo okwiriridwa, imatha kusanduka thope ikagwedezeka kwambiri, nyumba n'kumira kapena kupendekeka. Ku Niigata, m'dziko la Japan, mu 1964 nyumba zosanjikiza za konkire zinapendekeka zathunthu, ina mpaka kugona cham'mbali, makoma ake osasweka. Ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, zivomezi za 2010 ndi 2011 zinatulutsa mchenga ndi madzi m'mabwalo ndi m'nyumba za anthu, ndipo pomaliza boma linagula nyumba pafupifupi 8,000 m'madera amene linaona kuti sangamangidwenso msanga. Nthaka yofewa imakulitsanso kugwedezeka, monga zinachitikira ku Mexico City mu 1985, kumene gawo la mzinda lomangidwa pa malo amene kale panali nyanja linaonongeka kwambiri ngakhale kuti chivomezicho chinayambira kutali makilomita oposa 300. Nyumba za pamalo otsetsereka zili ndi vuto lawo, popeza mbali ina ya maziko imakhala pa nthaka yolimba ndipo mbali ina pa dothi lothira. Mapu oonetsa mitundu ya nthaka ndi ming'alu ya pansi pa dziko ayenera kupangidwa ndi boma ndi kuikidwa pamene munthu wamba angawaone, chifukwa popanda mapuwo mudzathandiza munthu kulimbitsa makoma a nyumba imene vuto lake lenileni ndi malo amene yaimapo.

Pempho langa loyamba, tsono, ndi kalembera wa nyumba. Simungakonze chimene simunachiwerenge, ndipo makhonsolo ambiri sadziwa kuti m'dera lawo muli nyumba zingati za njerwa zopanda lamba. Kuyendera koyamba sikufuna injiniya pa nyumba iliyonse, popeza munthu wophunzitsidwa bwino, atatenga fomu yosavuta, akhoza kulemba mtundu wa makoma, kulemera kwa denga, ming'alu imene ikuoneka ndi mmene malowo alili, kenako mainjiniya n'kupita pa nyumba zokhazo zimene zadetsa nkhawa. Kalemberayu akadzagwiritsidwa ntchito yolipiritsa chindapusa kapena yogwetsera nyumba za osauka, anthu adzatseka zitseko, ndipo adzakhala akulondola. Mwini nyumba ayenera kulandira zotsatira zake m'chilankhulo chimene amamva, zitasanjidwa kuyambira pa chimene chili choopsa kwambiri, kuti amene sangathe kuchita zonse chaka chimodzi ayambe ndi khoma losongoka ndi ngalande, lamba adzabwere chaka chinacho.

Pa nkhani ya ndalama ndili ndi dandaulo. Chivomezi chikachitika, ndalama zimapezeka m'masiku ochepa, mahema, mabulangete ndi malonjezo omanganso zimafika, atsogoleri n'kujambulitsa pa zibuma za nyumba zogumuka. Chisanachitike, pempho la kagawo kochepa ka ndalama zomwezo limauzidwa kuti lidikire chaka chamawa. Kulimbitsa nyumba kumadya ndalama zochepa poyerekeza ndi kumanga ina, ndipo boma limene lakana kulipira zochepazo lidzalipira zambiri, pamodzi ndi maliro. Koma kaperekedwe kake kafunika kuganiziridwa bwino. Mu 2017 dziko la Italy linakulitsa ndondomeko yochotsera msonkho anthu amene alimbitsa nyumba zawo, mpaka 85 peresenti ya mtengo wa ntchitoyo pa nyumba zina, ndipo njira imeneyi imathandiza munthu amene amalipira msonkho wambiri ndiponso ali ndi ndalama zoyambira. Mayi wamasiye wokhala m'nyumba ya zidina sapindula nayo. Kwa iye pafunika thandizo lenileni la zipangizo ndi malipiro a mmisiri. Pomanganso nyumba pambuyo pa 2015, boma la Nepal linkapereka thandizo m'magawo atatu, ndipo gawo lotsatira linkatuluka oyendera atatsimikiza kuti ntchito ya gawo lapitalo yachitika moyenera. Kachitidwe kameneka kanali ndi kuchedwa kwake, koma mfundo yake yomangirira ndalama ku ubwino wa ntchito ndi yoyenera kuitengera pa nyumba zimene sizinagwe.

Ndalama popanda amisiri odziwa zidzangogula simenti woonongeka. M'maiko ambiri nyumba za anthu wamba sizionedwa ndi injiniya kuyambira pa maziko mpaka pa denga, ndipo mmisiri wa m'deralo ndiye amasankha zonse. Iyeyu ndi amene muyenera kumuphunzitsa, ndipo maphunzirowo achitikire pa nyumba yeniyeni, anthu a m'deralo akuonerera, chifukwa zinthu zimene zimapulumutsa moyo ndi zazing'ono zoti munthu azione ndi maso. Tizitsulo tozungulira zitsulo zazikulu za m'mizati ndi m'lamba tiyenera kuyandikana, ndipo nsonga zake zipindidwire mkati pa madigiri 135, chifukwa zopindidwa pa madigiri 90 zimatseguka konkire ikayamba kusweka. Zitsulo za lamba ziyenera kukhota pangodya n'kupitirira, osati kuthera pomwepo. Mchenga ukhale wopanda dothi, njerwa zinyowetsedwe zisanamangidwe, ndipo konkire ithiriridwe madzi kwa masiku osachepera 7. Palibe chilichonse mwa zimenezi chimene chili chodula, koma chilichonse chikhoza kubisika pansi pa pulasitala, ndipo mwini nyumba sadzadziwa kuti anaberedwa mpaka tsiku la chivomezi. Mmisiri amene wamaliza maphunzirowa apatsidwe chiphaso, dzina lake lilembedwe ku khonsolo, ndipo thandizo la boma lizilipidwa pa ntchito ya amisiri olembedwawo.

Oyendera ntchito nawonso afunika kuchuluka, kulipidwa bwino ndi kuyang'aniridwa. Mu 2010 chivomezi champhamvu ya 7.0 chinapha anthu oposa 100,000 ku Haiti, ndipo patangopita milungu yochepa china champhamvu ya 8.8, chimene chinatulutsa mphamvu yochuluka kuwirikiza mazanamazana, chinapha anthu oposa 500 pang'ono ku Chile. Zifukwa za kusiyanaku n'zingapo, kuphatikizapo kuyandikira kwa chivomezi ku mzinda waukulu, koma chachikulu ndi chakuti ku Chile malamulo a zomangamanga ankatsatiridwa. Ku Turkey malamulo abwino analipo, koma mu 2018 boma linalola kuti eni nyumba zomangidwa mosatsatira malamulo alipire ndalama n'kulandira zikalata zozivomereza popanda kukakamizidwa kuzilimbitsa. Pa 6 Febuluwale 2023 zivomezi ziwiri zazikulu zinapha anthu oposa 50,000 m'dzikolo ndi ena zikwizikwi ku Syria. Ngati mukufuna kuvomereza nyumba zimene zinamangidwa popanda chilolezo, ndipo m'madera ambiri palibe kuchitira mwina popeza anthu alibe kwina kopita, chikalatacho chizituluka nyumbayo itayenderedwa ndi kukonzedwa.

Musaiwale anthu a lendi. Iwo ndi amene amagona m'nyumba zambiri zakale za m'mizinda, koma alibe ufulu woboola khoma ngakhale limodzi, pamene mwini nyumbayo, amene ali ndi ufuluwo, amagona kwina ndipo saona phindu lolipirira ntchito imene sikweza lendi. Pamenepa kulimbikitsa kokha sikukwanira, pafunika lamulo lokhala ndi tsiku lomalizira. Koma lamulolo likangokakamiza eni nyumba popanda kuteteza okhalamo, mtengo wonse udzathera pa lendi, kapena anthu adzatulutsidwa m'dzina la kukonza n'kusaloledwa kubwerera. Mzinda wa Los Angeles unalola eni nyumba kuti abweze theka lokha la mtengo wa ntchitoyo kudzera mu lendi, pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Kagawidwe koyenera kakhoza kusiyana malinga ndi dziko, koma funsolo liyankhidwe m'lamulo momwemo, ndipo munthu wofuna kulowa m'nyumba ya lendi akhale ndi ufulu wodziwa ngati inayenderedwa ndi zimene zinapezeka.

Nthawi yotsika mtengo yolimbitsa nyumba ndi pamene mwini wake akusintha denga, akuonjezera chipinda kapena akupakanso pulasitala, chifukwa makoma amakhala ali poyera ndipo amisiri ali kale pamalopo. Ndikupempha kuti chilolezo cha ntchito zotere chizipita limodzi ndi uphungu waulere ndi zojambula zosavuta zoonetsa lamba, ngodya ndi kamangiriridwe ka denga, ndiponso kuti wolimbitsa nyumba asamalipiritsidwe ndalama ya chilolezo. Ndikupemphanso kuti ntchitoyi ikhale ndi mzere wakewake mu bajeti, wosiyana ndi thumba la chithandizo cha pangozi, kuti isamalandidwe ndalama nthawi iliyonse pakagwa tsoka lina. Ndipo chaka chilichonse khonsolo iliyonse izilengeza poyera kuti yayendera nyumba zingati, zingati zapezeka zoopsa, zingati zalimbitsidwa, ndi chaka chimene ikuyembekeza kumaliza zotsalazo.

Ndine wanu,
Nzika yokhudzidwa ndi chitetezo cha nyumba zakale